Tinkamumva, Iye Osatimva

Anzanga, nkhani ndikufuna kukuuzaniyi si yongomva pachigayo kapena m'minibasi ayi. Ndinalipo ndekha, ndinaona ndi maso angawa, ndipo chimene chimandidzutsa mpaka lero n'chakuti ndinamvanso ndi makutu angawa. Mayina sinditchula, chifukwa eni ake akadali moyo, ena mumakumana nawo pamsika ku Mfuwe kuno n'kumapatsana mwaswera bwanji osadziwa zimene anapirira. Koma amene analipo tsikulo akawerenga avomereza kuti sindinakometsere kalikonse.

Ine ndine telala, ndimasoka m'mphepete mwa msewu wopita ku eyapoti. Makolo athu anatsika kuchokera kumtunda kudzalima thonje m'chigwa muno, ndipo bambo atatisiya tinatsala atatu, amama, ine, ndi mlongo wanga amene ndi wotsiriza m'nyumba mwathu. Mlongo wangayo matenda a ndege anamuyamba asanavale n'komwe nsapato. Mukamutuma kukatunga madzi, ndege ikangolira kumwamba, dziwani kuti chidebe chafika cha theka. Atakula anapeza ntchito yokweza zikwama za alendo m'tindege tating'ono tija timapita kumisasa ya m'tchire, ndipo anagwira zaka zambiri, mpaka ndevu kumera, akudzimana chilichonse chimene anzake ankasangalala nacho. Pamenepo ndi pamene anadziwana ndi bambo wina wachikulire, wa mtundu wa Akunda a konkuno, amene anakalambira kuuluka pamwamba pa nkhalango kuyang'anira nyama. Bamboyu anali ndi mapepala ophunzitsira, analinso ndi kandege kake kakale ka mipando iwiri kamene kankakhala pabwalo lina ladothi mkati mwa tchire la Lupande. Anamuuza kuti awerenge mabuku nthawi ya dzinja, mvula ikangotha ndi bwalo kuuma ayambe kumuphunzitsa.

Tsono mukudziwa mmene timachitira kwathu mwana akamapita kusukulu yogonera komweko, wachibale aliyense amagulako kanthu, uyu sutikesi, uyu bulangete, uyu sopo. Ifenso tinati tichite chimodzimodzi. Amalume anapalasa njinga kuchokera ku Malama atapanga kale maganizo awo, akuti mwana wa mlongo wawo sangakwere ndege atavala ngati wokweza katundu, agula malaya oyera a mizere yagolide pamapewa, chipewa, ndi wotchi yaikulu ija imaoneka munthu ali kutsidya kwa msewu. Kunena zoona nanenso mtima unali komweko, ndinali nditayamba kale kuyang'ana nsalu. Nanga munthu wa m'banja mwanu n'kukhala woyendetsa ndege anthu osaona?

Aphunzitsi aja atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anatikhazika pakhonde la shopu yanga n'kutiuza kuti mizere yagolide siyigulidwa, imabwera yokha nthawi yake ikakwana, ndipo wongoyamba kumene amafunika tinthu tochepa, tosaoneka bwino n'komwe. Choyamba anati mahedifoni, aja ophimba makutu onse okhala ndi kolankhulira pakamwa, chifukwa m'kandege kakang'ono phokoso la injini limagonthetsa. Amenewo anati ngakhale ogwiritsidwapo kale alibe vuto bola zofewa za m'makutu zikhale zosang'ambika. Anatchulanso kabotolo koonekera mkati kokhetsera mafuta a ndege kuti uone ngati mwalowa madzi, mapu, tochi, ndi magalasi a dzuwa, koma anachenjeza kuti asakhale aja amavala asodzi oonera pansi pa madzi, chifukwa amadetsa tiziwiya tina ta kutsogolo kwa woyendetsa. Chikwama anati asoke asisi akewa, kunena ine, kugula n'kutaya ndalama. Amalume anakhumudwa ndithu, koma anagula mahedifoniwo kwa woyendetsa ndege wina amene ankabwerera kwawo.

Panali kanthu kamodzi kokha kamene aphunzitsi anakanitsitsa kuti kasakhale kakale. Kandege kawo kanapangidwa kalekale, kanalibe batani lolankhulira pachiwongolero, choncho aliyense ankabwera ndi lake. Ndi kabatani ka pachingwe, umakamangirira pachiwongolero ndi kalamba. Ukafuna kulankhula ndi a pansi umadina, ukamaliza umasiya kuti nawenso umve, chifukwa wailesi za ndege sizili ngati foni, wina akamalankhula mnzake sangalowe. Anati mabatani akale amatopa mkati, ndiye limeneli ligulidwe latsopano, labwino, ngakhale tidikire. Ndinati limenelo ndigula ndine. Linachedwa kubwera kuchokera ku Lusaka, ndipo tsiku limene linafika pabasi amalume analitembenuza m'manja n'kufunsa ngati kudikira konse kuja tinkadikira chivindikiro cha botolo. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti mlongo wanga sanachite mwaulesi kapena mwaumbombo ayi. Chilichonse anasankha monga aphunzitsi anamuuzira, ndipo batanilo ndi limene linali latsopano kuposa zonse.

Maphunziro anayamba udzu ukadali wautali kupitirira munthu, fumbi likuyamba kumene. Anauluka ndi aphunzitsi masabata angapo, kubwera kunyumba madzulo akulongosola ndi manja mmene amakhotera mpaka kugwetsa makapu. Kenako tsiku lina anatiuza kuti aphunzitsi anena kuti sabata ikubwerayo akhoza kumusiya auluke yekha. Tsiku limenelo ndinaona kuti chakudya cha amama chatsala m'mbale. Amama anga sanamuletsepo mwana wawo, koma mantha anali nawo, ndipo mantha awo onse amapita nawo kumapemphero. Kumpingo kwathu chinthu chatsopano chikalowa m'nyumba timachipempherera ndi kuchidzoza mafuta, kaya ndi njinga yamoto, kaya ndi khasu la ng'ombe, ngakhale makina anga osokera anadzozedwa.

Lamlungu masana, mlongo wanga ali kuntchito, kunabwera amayi anzawo a mapemphero. Tinayala mphasa, tinatsegula chikwama chija ndinasoka, n'kuyala zipangizo zonse. Amama anatulutsa kabotolo kawo ka mafuta onunkhira n'kuyamba kudontheza pachilichonse, pamapu pang'ono, patochi pang'ono. Atafika pabatani anandifunsa ntchito yake, ndipo nditawauza kuti mawu a mwana wawo azidzera pamenepo, anati ndiye apa pakufunika kwambiri, kuti akaitana azimveka. Anathira mowolowa manja n'kumasisita ndi chala chachikulu kuzungulira mpaka mafuta onse analowa mkati. Tsoka lathu linalowera pamenepo, tonse tikuyankha ameni. Ndani akanaganiza? Ine pantchito yanga ndimathira mafuta makina tsiku ndi tsiku, sindinaonepo chitsulo chikudana ndi mafuta. Mlongo wanga atabwera anamva fungo lija, anamwetulira n'kupukuta kunja ndi kansalu, nkhani n'kuthera pomwepo. Masiku otsatirawo anauluka nalo batanilo m'fumbi la bwalo lija.

Tsiku lake aphunzitsi anatilola ine ndi amama kuti tikaonerere. Anatitenga pagalimoto yawo yakale yopanda denga, dzuwa litapendeka, akuti nthawi imeneyo mphepo imakhala itagona. Bwalolo ndi kamzere chabe kadothi lofiira, mbali ina kuli nkhalango ya mitengo ya tsanya, mbali inayo udzu wotsikira kudambo. Kumeneko ndege isanauluke amayamba ayendetsa galimoto bwalo lonse kupita ndi kubwerera kuti aone ngati pali nyama, ndipo tinatero, tinangothamangitsa tinjiri tiwiri basi. Aphunzitsi ndi mlongo wanga anauluka awiri kuzungulira kangapo, kenako anatera, aphunzitsi n'kutsika atanyamula mahedifoni awo, kubwera pamene tinaima ali ndi wailesi ya m'manja. Anatiuza zimene anamulangiza, akuti azungulire kamodzi kokha n'kutera, ndipo iwo salankhula naye kuti asamusokoneze. Akamva zii adziwe kuti zonse zili bwino, akamva mawu awo ndiye kuti pali vuto.

Wailesi ija inalira, tinamva mlongo wanga akunena m'Chingerezi kuti akunyamuka. Kandege kanathamanga, fumbi kobo, kanadzuka. Koma wailesi sinatseke. Tinkamvabe injini, tinkamva kupuma kwake, kenako tinangomva munthu akukuwa ndi chimwemwe, akudziuza yekha kuti wokweza zikwama uja lero ali kumwamba yekha. Anayamba kuimba kanyimbo kena ka kusande sukulu ndi mawu ake oipa aja, ine kuseka mpaka kugwira m'mimba, amama nthungululu. Nditacheuka ndinaona kuti aphunzitsi sakuseka. Anadina wailesi yawo n'kumuitana, kamodzi, kawiri, koma nyimbo inkangopitirira. Anatiuza motsitsa mawu kuti batani lake lakanirira pansi, ndiye kuti iye akulankhula osalekeza, ndipo malinga ngati lili choncho palibe munthu padziko lapansi amene angamulankhule. Anati tisade nkhawa, n'kuzungulira kumodzi kokha, atera.

Amama ndi amene anayamba kuziona. Anandigwira dzanja n'kuloza kunkhalango ya tsanya, chakumayambiriro kwa bwalo. Poyamba ndinaona ngati mithunzi ikuyenda, kenako ndinaona makutu. Zinali njovu, mzere wathunthu, zazikazi ndi ana, zikutuluka pang'onopang'ono kulunjika kudambo kukamwa madzi, ndipo njira yawo inkadutsa penipeni pamene ndege imayamba kugunda pansi. Zinali zikadali pansi pa mitengo, ndiye wa kumwamba sakanaziona. Panthawi yomweyo kandege kanali katakhota kale, kakutsika moyang'anizana ndi dzuwa, ndipo m'wailesi tinamva mlongo wanga akudziwerengera yekha zoyenera kuchita, modekha bwinobwino, n'kunena kuti bwalo lili mbee, aphunzitsi ali chete, ndiye kuti akuchita bwino.

Anthuni, munayamba mwamvapo munthu wanu akuyenda kupita kuimfa akudziyamikira, inu mukumumva ngati ali pambali panu, koma osatha kumuuza ngakhale liwu limodzi? Ndinakuwa dzina lake kuyang'ana kumwamba, ndinavula chitenje n'kumachikupiza, zonsezo zopanda pake. Aphunzitsi anatikankhira m'galimoto, poti sakanatisiya pansi njovu zili pafupi, anaponyera amama wailesi pamiyendo kuti manja awo onse agwire chiwongolero, anayatsa nyali n'kuthamangira pakati pa bwalo kuti mwina akaona galimoto adziwa kuti asatere. Njovu yotsogolera inali itaponda kale dothi lofiira.

Mlongo wanga anaiona galimoto atatsika kale kwambiri. Tinamumva akudabwa kuti aphunzitsi akutani pabwalo, kenako mawu anasintha, anangoti njovu, njovu. Injini inabangula. Chifukwa cha mantha anakoka chiwongolero kwambiri, kandege kanaloza mphuno kumwamba koma osakwera, kakungoyandama ngati kakufuna kukhala pansi ndi mchira, ndipo m'wailesi munayamba kulira kalipenga kenakake kosalekeza. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti kalipengako kamalira ndege ikatsala pang'ono kugwa ngati mwala. Aphunzitsi anaimirira m'galimoto, munthu wamkulu wa imvi, akukuwira kumwamba ndi pakamwa chabe kuti tsitsa mphuno, tsitsa mphuno mwana iwe. Kandege kanadutsa pamwamba pa misana ya njovu, kanadutsa pamitu pathu moti ndinaona madontho a dothi kumimba kwake, kanapita kumapeto kwa bwalo kakupepesuka, ndipo ndinaona nsonga za mitengo zikugwedezeka. Kaya anakumbukira yekha kaya ndi Mulungu anamukankha dzanja, anatsitsa mphuno, kalipenga kanaleka, n'kuyamba kukwera.

Ndinkaganiza kuti zoopsa zatha, osadziwa kuti ndi pamene zikuyamba. Phokoso lija linazunguza njovu. M'malo mowoloka, zinaunjikana pakati penipeni pa bwalo, ana mkati, zazikulu kunja, ndipo yotsogolera ija inatiyang'ana itatambasula makutu, ikulira ndi kupalasa fumbi. Aphunzitsi anayesa kuyandikira akumenya chitseko ndi dzanja, njovuyo inatithamangira, tinabwerera chambuyo. Anayesanso, chimodzimodzi. Ndipo mlongo wanga, posadziwa chochita, ankangozungulira pamwamba pomwepo kuti azitiona, ndiye ulendo uliwonse akadutsa, njovu zinkapanikizana kwambiri. Aphunzitsi anati mafuta ali nawo okwanira, chimene alibe ndi kuwala. Bwalo lija lilibe nyali, iye anali asanaterepo kukuda, ndipo dzuwa linali litafiira kale pamwamba pa mitengo. Ndinafunsa ngati sangapite ku eyapoti yaikulu, anandiyankha kuti sanapiteko yekha chiyambire, nanga timuuza bwanji?

Tsono tinangokhala m'galimotomo n'kumamvetsera. Poyamba ankaitana aphunzitsi mwaulemu, m'Chingerezi cha m'mabuku chija, kupempha malangizo. Kenako Chingerezi chinatha, anayamba Chinyanja, kufunsa kuti bwanji sakumuyankha, kodi akwiya naye, kodi walakwa chiyani. Anati aphunzitsi anamuuza kuti pakakhala vuto alankhula, nanga limeneli si vuto? Aphunzitsi anagwira kumaso ndi manja awiri. Kenako tinamva munthu wa ndevu zake akulira, kulira kwenikweni kwa mwana, akupemphera mosalongosoka, akunena kuti kukuda ndipo sakudziwa chochita. Amama anali atakumbatira wailesi ija pachifuwa ndipo ankamuyankha, osadina paliponse, kumuuza kuti ali pompano, asaope, amake ali pompano. Iye akafunsa ngati pali amene akumumva, iwo ankati akumumva bwinobwino, ngati kuti akucheza naye pakhonde. Ine ndinalibe ngakhale pemphero mkamwa.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, kwa ine zinali ngati chaka. Kenako tinamumva akusiya kulira. Anati dikirani, batanili silikubwerera. Tinamva kukhatakhata, akulidina ndi kulikanda ndi chikhadabo, akunena kuti lamata, likunanda. Panadutsa kanthawi, ndikuganiza kuti ananunkhiza chala chake. Ndiyeno mawu anatuluka m'wailesi momveka bwino kuposa onse a tsikulo, osakuwa, ongotopa basi. Anati ndi mafuta aja, amama amupha ndi mafuta awo aja. Atangotero wailesi inati zii.

Ndinaganiza kuti wagwa. Nditayang'ana kumwamba kandege kanali kakuulukabe. Aphunzitsi anazindikira msanga kuti wazula chingwe cha batani, ndiye kuti tsopano sangalankhule koma akhoza kumva. Anatambasula dzanja kuti atenge wailesi, koma zala za amama zinali zitauma pamenepo, anachita kuzikanula chimodzichimodzi. Amama sanalire, sanayang'ane aliyense, anangoti duu kuyang'ana manja awo. Aphunzitsi anamuitana ndi mawu ofatsa ngati palibe chachitika, n'kumuuza kuti ngati akuwamva apendeketse mapiko uku ndi uku. Tinadikira. Kandege kanapendekera kumanzere, kenako kumanja, ndipo ine ndinangogwada pansi pa mpando.

Aphunzitsi anamuuza kuti achoke pamwamba pathu, apite akazungulire kutali kuseri kwa dambo kuti njovu zimve bata, nawonso anazimitsa injini ya galimoto. Tinakhala chete, udzudzu ukutidya, tikuyang'ana nyama zimene sizidziwa changu. Simungazikalipire, simungazipemphe, zimachoka zikafuna. Yotsogolera ija inatsitsa makutu, inanunkhiza mphepo, inathyola kanthambi n'kudya kaye, ine ndikufa mumtima. Kenako inatembenuka n'kulowa muudzu, zinzake zikutsatira imodziimodzi, kamwana kotsiriza kakuthamanga chitamba lendelende. Nthawi imeneyo n'kuti dzuwa litalowa kale, kwangotsala kufiira kumadzulo, dothi la bwalo ndi udzu zikuyamba kufanana.

Aphunzitsi anaimika galimoto kumayambiriro kwa bwalo nyali zikuunika kutsogolo, n'kuyamba kumutsitsa ndi mawu, pang'onopang'ono, kumuuza kuti chepetsa injini, wongola, usakoke, uli bwino, ukubwera bwino. Sitinkamumvanso, ndipo ndikuuzeni zoona, chete ameneyo anali woopsa kuposa kulira kuja. Kandege kanadutsa pamwamba pathu ngati chimthunzi, kanagunda pansi, kanadumpha, kanagundanso, kanakhotera muudzu wa m'mphepete n'kuima. Tinathamangira komweko. Mlongo wanga anatsegula chitseko, anatsika, anakhala pansi atatsamira tayala, malaya atanyoweratu ngati wagwera mumtsinje. Analibe ngakhale bala.

Ndinamukumbatira ndikulira, aphunzitsi akumusisita paphewa. Koma iye maso ake ankafuna amama, amene anaima chapatali pang'ono. Munthu wophunzira za ndege, anali atadziwa kale kuti batani likakanirira, chilichonse chimene wanena chimafika pansi. Funso lake loyamba silinali la njovu kapena la ndege ayi, anafunsa kuti wailesi inali ndi ndani. Ine ndi aphunzitsi tinayang'anana. Tisanatsegule pakamwa amama anayankha okha, ndi mawu awo a masiku onse, kuti wailesi inali ndi aphunzitsi, iwo sanamve kalikonse chifukwa galimoto inkasokosa ndiponso makutu awo akalamba. Anamuuza kuti adzuke pansi pangakhale zinkhanira. Mlongo wanga anapuma mpweya wautali n'kuseka pang'ono, ndipo ndinaona kuti wakhulupirira.

M'mawa mwake aphunzitsi anamasula batani lija ndi kasikuludiraiva. Mkati munali mafuta osakanikirana ndi fumbi lofiira, zitagwirana ngati chiponde. Sanadzudzule aliyense, anangoti naye waphunzirapo, sadzauzanso wophunzira kuti chete ndiye kuti zili bwino. Mlongo wanga anagula batani lina, anabwerera m'ndege patapita masabata ochepa, anakhoza mayeso ake, ndipo lero ndi mmodzi mwa amene mumawamva akudutsa pamwamba panu m'mawa atanyamula alendo. Malaya a mizere yagolide aja anadzavala ndithu, amalume anakhutira.

Koma amama sanabwererenso mmene analili. Kabotolo ka mafuta sindinakaonenso m'nyumba, ndipo amayi a mapemphero akamapita kukadzoza katundu wa munthu, iwo amati mwendo ukuwawa. Mlongo wanga akabwera kudzacheza n'kuika chikwama chake pansi, amama akamasesa amachizungulira, sachisuntha ngakhale ndi tsache. Akamatsazika amamupempherera ndithu, pemphero lalitali, koma manja awo amakhala kumbuyo. Chaka china anagula mahedifoni atsopano okwera mtengo, anabwera nawo mosangalala n'kuwaika pamiyendo pawo kuti awadalitse. Amama anakweza manja m'mwamba ngati awaikira mbaula, n'kumuuza kuti achotse msanga, nyemba zikupserera. Iye anandifunsa kuseri ngati amama ayamba kukalamba maganizo, ine ndinangoti kaya.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti Mulungu anamupulumutsa mlongo wanga tsiku lija, zimenezo palibe angandichotse, ndipo sindikhulupirira kuti pemphero la amama linali lolakwika, kapena kuti mwana amene ankaona imfa analankhula zochokera mumtima. Ndimakhulupiriranso kuti zimene munthu amanena akuganiza kuti ali yekha sizinapangidwe kuti mayi ake azimve. Tsono inu amene mwana wanu akufuna kuyamba za ndegezi, mverani aphunzitsi ake, mugulireni tinthu tochepa tomwe anena, tabwino, ndipo mukagula mutseke chikwamacho, musathiremo kalikonse, kaya mafuta, kaya madzi odalitsidwa, kaya mankhwala a makolo. Ngati mukufuna kudzoza, dzozani mwanayo pamutu, mumugwire ndi manja anu onse awiri pomwe mukadali omasuka kutero. Kwathu mwana anatsika wamoyo wopanda bala, koma papita zaka tsopano amake asanamukhudze akamapita kukauluka.